Mawu Akuti "Otsutsa Boma" ndi Anzake: Zoyenera Kusamala Pomasulira Kafukufuku wa Ndale

Pa mawu onse amene adalowa m'kamwa mwa Amalawi pakati pa 1992 ndi 1994, ndi ochepa amene adakhazikika msanga ngati akuti "chipani chotsutsa boma". Wailesi idawatola, nyuzipepala zidawafalitsa, ndipo lero ngakhale mwana wa sukulu amawalemba mosadodoma. Pa kalembedwe palibe chovuta. Phatikizo la "cha" likakumana ndi "ku" wa mneni pamabadwa "cho", motero "cha kutsutsa" amasanduka "chotsutsa", monga momwe "cha kulamula" amasandukira "cholamula". Vuto lili pa tanthauzo. Akatswiri ofufuza za zipani, zisankho ndi nyumba za malamulo amasiyanitsa zinthu zingapo zimene Chichewa cha tsiku ndi tsiku chimaziunjika pa liwu limodzi, ndipo wolemba buku la sukulu, mkonzi wa nkhani kapena womasulira mafunso a kafukufuku akapanda kuzindikira zimenezi amauza owerenga zosiyana ndi zimene ofufuzawo adapeza.

Katundu amene mawu adasenza

Liwu lililonse limabwera ku ndale litasenza kale katundu wake. Liwu lakuti "ndale" lenilenilo lidachokera pa kugwetsana: kutchera munthu ndale ndiko kumupinga mwendo kuti agwe. Pascal Kishindo adalemba nkhani mu 2000 yofufuza momwe mawu a ndale m'Chichewa adasinthira pamodzi ndi kusintha kwa ulamuliro m'Malawi, ndipo Harri Englund, m'buku lake la mu 2006 lotchedwa Prisoners of Freedom, adasonyeza momwe liwu limodzi lakuti "ufulu" lidapanikizira maganizo angapo a Chingerezi amene eni ake amawalekanitsa. Liwu lakuti "kutsutsa" nalo lifunika kuliunika chimodzimodzi.

Kutsutsa, m'Chichewa cha kumudzi, ndiko kukana zimene wina wanena ndi kusonyeza kuti walakwa kapena wanama. Pabwalo la milandu mboni imatsutsa wodandaula, ndipo izi n'zololedwa chifukwa bwalo lidaikidwira zomwezo. Koma mwana wotsutsa akulu amatchedwa wamwano. Liwuli tsono lili ndi nkhope ziwiri, ina ya pabwalo ndi ina ya chipongwe, ndipo mbiri ya dziko idakuza yachiwiriyo. Nduna zitasemphana maganizo ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda mu Seputembala 1964, anthu ngati Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Yatuta Chisiza sadatchedwe otsutsa ayi. Adatchedwa zigawenga ndi oukira boma. Malamulo a dziko a mu 1966 adakhazikitsa Malawi Congress Party kukhala chipani chokhacho, ndipo kuchokera pamenepo mpaka riferendamu ya pa 14 Juni 1993 padalibe malo ovomerezeka amene munthu akadaimapo n'kumatsutsa olamula popanda kukhala wolakwira lamulo. Mbadwo wathunthu udakula ukumva "kutsutsa" ndi "kuukira" ngati mawu apachibale.

Liwu lachiwiri, lakuti "boma", nalo lili ndi zake. Munthu akati "ndikupita ku boma" amatanthauza likulu la dera, kumene kuli ofesi ya bwanamkubwa, polisi ndi chipatala chachikulu. Akati "malo awa ndi a boma" amatanthauza chinthu chosatha, chimene chimakhalapobe atsogoleri akamasinthana. Akati "boma lagwa" amatanthauza gulu la anthu amene akulamula pa nthawiyo. Chingerezi cha ofufuza chili ndi "state" pa tanthauzo lachiwiri ndi "government" pa lachitatu, ndipo nzeru yonse ya ulamuliro wa zipani zambiri yagona pa kusiyana kumeneku: chipani chimatsutsa olamula, osati dziko. Koma khutu la munthu wamba likamva "otsutsa boma" lingathe kumva otsutsa chipatala, sukulu ndi chitukuko. Andale ena amadziwa bwino zimenezi, ndipo pa misonkhano amagwiritsa ntchito chisokonezocho pouza anthu kuti dera losankha phungu wotsutsa ladzimana lokha chitukuko.

Sikungatheke lero kuzula mawu akuti "otsutsa boma", ndipo kuyesa kutero kungakhale kutaya nthawi. Munthu angaganize za "odzudzula", koma kudzudzula ndi gawo limodzi chabe la ntchito yawo. Chipani chotsutsa chimafunanso kulowa m'malo mwa cholamulacho. Chimene wolemba angachite ndi kusamala ndi mawu ozungulira. Polemba za m'Nyumba ya Malamulo, "mbali yotsutsa" ndi "mbali ya boma" ndi mawu omveka bwino ndipo ndi ozolowereka kale. Pomasulira "state" ndi bwino kunena "dziko" kapena "nthambi za boma", ndipo pomasulira "government" m'tanthauzo la olamula a nthawi ina ndi bwino kutchula mwini wake: "ulamuliro wa UDF", "boma la Joyce Banda".

Mitundu ya otsutsa

Robert Dahl, m'buku limene adakonza mu 1966 lotchedwa Political Oppositions in Western Democracies, adakumbutsa owerenga kuti chipani chotsutsa chololedwa ndi lamulo ndi chinthu chachilendo m'mbiri ya anthu, ndipo kuti mwa mayiko 113 amene adali m'bungwe la United Nations mu 1964, pafupifupi 30 okha ndiwo adali atakhala ndi zipani zotsutsa zovomerezeka kwa zaka khumi zotsatizana. Ku Britain komweko, kumene mwambowu udakulira, mawu akuti "His Majesty's Opposition" adayamba ngati nthabwala ya John Cam Hobhouse m'Nyumba ya Malamulo mu 1826, ndipo mtsogoleri wa mbali yotsutsa adayamba kulandira malipiro a udindowo mu 1937. Choncho ngati Chichewa chidavutika kupeza mawu, sichidavutike chokha.

Juan Linz, polemba mu 1978 za momwe maulamuliro a demokalase amagwera, adagawa otsutsa patatu. Alipo amene amalimbana ndi olamula koma amavomereza malamulo a mpikisano: amafuna ulamuliro kudzera m'chisankho, amakana ziwawa, ndipo sapempha asilikali kuti awathandize. Alipo amene amakana dongosolo lonselo ndi kufuna kuligwetsa. Pakati pawo pali amene pakamwa amavomereza malamulo koma amatsinzinira anzawo akamawaphwanya. Oyambawo Chingerezi chimawatcha "loyal opposition", ndipo apa ndi pamene womasulira wopupuluma amagwera m'mbuna. Dikishonale imamupatsa "kukhulupirika", iye n'kulemba "otsutsa okhulupirika". Koma Mmalawi aliyense amene adaphunzira sukulu isanafike 1994 amakumbukira ngodya zinayi za chipani cha MCP: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Kukhulupirika kumeneko kudali kwa mtsogoleri ndi chipani chake. "Wotsutsa wokhulupirika" tsono amamveka ngati wotsutsa wogulidwa, wongobisala m'chipani china pamene mtima wake uli ndi olamula. Linz sadatanthauze zimenezo. Kukhulupirika kwa otsutsa ake n'kwa malamulo oyendetsera dziko, osati kwa munthu. Mawu oyenera ndi akuti "otsutsa motsata malamulo" kapena "otsutsa olemekeza malamulo a dziko", ndipo anzawo aja ndiwo ayenera dzina lakuti "oukira". Ndi otalika, inde, koma sasocheretsa.

Chitsanzo chili pafupi. Lazarus Chakwera ndi Saulos Chilima atakana zotsatira za chisankho cha pa 21 Meyi 2019 adapita ku khoti, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu adafafaniza chisankho cha pulezidenticho. Kukana zotsatira ndi kutsutsa kwamphamvu zedi, koma njira imene adadzera ndi imene malamulo adaika. Wolemba mbiri ya nthawiyi amene alibe mawu osiyanitsa kutsutsa kotere ndi kuukira sangathe kufotokozera ophunzira chifukwa chake nkhaniyi idatchuka kunja konse.

Otto Kirchheimer, mu 1957, adaonjezera chinthu china: otsutsa angathe kuzimirira popanda wowaletsa, zipani zikuluzikulu zikagwirizana kugawana maudindo. M'Malawi izi zidaoneka mu 1994 pamene Chakufwa Chihana wa AFORD adalowa m'boma la Bakili Muluzi kukhala wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti, mpaka adatulukamo mu 1996, nduna zina za chipani chake n'kutsalira komweko. Liwu lakuti "mgwirizano" limagwiritsidwa ntchito pa zonse: pa zipani zoimika munthu mmodzi chisankho chisanachitike, monga Mgwirizano wa mu 2004 ndi Tonse wa mu 2020, ndiponso pa zipani zogawana unduna chisankho chitatha. Ofufuza amazilekanitsa chifukwa zimabadwa mosiyana ndipo zimafa mosiyana. Kungowonjezera mawu awiri, "mgwirizano wa pachisankho" ndi "mgwirizano wa m'boma", nkhani yatha.

Pamene otsutsa ali ochuluka

Mabuku ambiri ofotokoza za nyumba za malamulo adalembedwa poganizira dongosolo la ku Westminster, kumene boma limabadwa m'Nyumba ya Malamulo momwemo. Kumeneko nduna yaikulu imakhalapo chifukwa aphungu ochuluka akuilola, ndipo akaitaya chikhulupiriro imachoka. Malawi adatengako maonekedwe a Nyumbayo, ndi Sipikala wake, mbali ziwiri zoyang'anizana ndi mtsogoleri wa mbali yotsutsa, koma pulezidenti amasankhidwa padera ndi anthu onse. Motero chipani cholamula m'Malawi ndi chipani cha pulezidenti, kaya chili ndi aphungu angati. Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994, mwa mipando 177, UDF idapeza 85, MCP 56 ndipo AFORD 36. Otsutsa pamodzi adali 92, kuposa olamula.

Zodabwitsa kwambiri zidachitika mu 2005. Bingu wa Mutharika, amene adapambana mu 2004 ataimira UDF, adatuluka m'chipanicho n'kuyambitsa Democratic Progressive Party. Chipani chimene chidapambana chisankho cha pulezidenti chidadzuka m'mawa chili chotsutsa, ndipo chipani chimene sichidaliponso pa tsiku loponya voti chidakhala cholamula. Aphungu ambiri adakhamukira kumeneko. Otsutsa adaumirira kuti Sipikala agwiritse ntchito gawo 65 la malamulo oyendetsera dziko, Khoti Lalikulu la Apilo lidagamula mu Juni 2007 kuti gawolo ndi lovomerezeka, ndipo mu 2007 ndi 2008 bajeti ya dziko idachedwa kuvomerezedwa chifukwa cha mkanganowo.

Ofufuza amatcha boma lotere "minority government". Kulimasulira kuti "boma la ochepa" n'kulakwitsa, pakuti kuno kummwera kwa Africa mawu amenewo amakumbutsa ulamuliro wa azungu ochepa ku Rhodesia ndi ku South Africa, kumene anthu ochuluka adamanidwa voti. Chimene chikunenedwa apa ndi "boma lopanda aphungu okwana theka m'Nyumba ya Malamulo", ndipo wolemba akalifotokoza kamodzi angathe kupitiriza ndi "boma loperewera aphungu".

Gawo 65 nalo limafuna kusamala. Mawu a Chingerezi akuti "crossing the floor" adachokera pa kamangidwe ka Nyumba ya ku London, kumene phungu wosintha mbali amadutsadi pakati pa chipinda. Kuwamasulira liwu ndi liwu kumabala zopanda pake. "Kusintha chipani" ndi mawu okwana pa nkhani za tsiku ndi tsiku, koma polongosola lamulo pafunika kusiyanitsa zinthu zitatu zimene nyuzipepala zimasakaniza: phungu wotuluka m'chipani mwa kufuna kwake, phungu wochotsedwa ndi chipani chake, ndi phungu wovota mosemphana ndi chipani chake pa bilu ina. Gawo 65 lomwelo limateteza wachitatuyu, ponena kuti phungu sangataye mpando chifukwa chongovota mosiyana ndi zofuna za chipani. Mkonzi wolemba kuti phungu wotere "wagalukira chipani" amakhala ataweruza mlandu umene lamulo silidaweruze. Kafukufuku wa Daniel Young pa aphungu a Malawi, wofalitsidwa mu 2014, adasonyeza kuti kusintha chipani sikuchitika mwachisawawa: aphungu amayang'ana mwayi wosankhidwanso ndi mwayi wokhala kumbali yolamula. Zimene zidachitika mu Epulo 2012, Bingu wa Mutharika atamwalira, pamene aphungu ambiri adathamangira ku People's Party ya Joyce Banda, zidatsata njira yomweyo. Palinso aphungu oima paokha, amene mu 2014 adapeza mipando 52 mwa 193, kuposa chipani china chilichonse. Iwowa si otsutsa ndiponso si olamula mpaka atasankha pokhala, choncho wowerengera mphamvu za mbali ziwirizo asawaponye m'thumba limodzi.

"Mavoti ambiri"

Palibe mawu amene adavutitsa dziko kuposa awa. Gawo 80 la malamulo oyendetsera dziko lidanena kuti pulezidenti asankhidwe ndi "majority" ya ovota. Liwu limeneli lingamveke patatu. Lingatanthauze mavoti ochuluka kuposa a wina aliyense mwa opikisana nawo, ngakhale asakwane theka. Lingatanthauze mavoti oposa theka la onse oponyedwa. Lingatanthauzenso oposa theka la anthu onse olembetsa m'kaundula, kuphatikizapo amene sadapite kukavota. Chitatha chisankho cha 1999, Gwanda Chakuamba adapita ku khoti ndi tanthauzo lachitatuli, koma Khoti Lalikulu la Apilo mu 2000 lidakana, n'kutsamira pa loyambalo. Ndi chifukwa chake Bingu wa Mutharika mu 2004 ndi Peter Mutharika mu 2014 adalowa m'boma ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse. Mu 2020 makhoti adatembenuka n'kunena kuti tanthauzo lolondola ndi lachiwiri, ndipo chisankho chachibwereza cha pa 23 Juni chaka chomwecho chidayendera lamulo limenelo.

Chichewa chakuti "mavoti ambiri" chimaphimba matanthauzo atatu onsewa. Mphunzitsi wolemba pa bolodi kuti "pulezidenti amasankhidwa ndi mavoti ambiri" wanena zoona za 2014 ndiponso zoona za 2020, koma ophunzira ake sangadziwe chimene chidasintha pakati pa zaka ziwirizo, chikhalirecho kusinthako ndiko kudakakamiza zipani kufunafuna migwirizano chisankho chisanafike. Mawu alipo kale m'chiyankhulo, angofunika kuwagwiritsa ntchito mosasinthasintha: "kuposa anzake" pa tanthauzo loyamba, "kuposa theka" pa lachiwiri. Pakhalenso tcheru pa chizindikiro cha "50+1" chimene chidafala m'nyuzipepala. Ambiri amachiwerenga ngati mavoti 51 pa 100 alionse, ndipo ena amalemba choncho. Tanthauzo lake ndi theka la mavoti kuwonjezapo voti imodzi yokha. Pa mavoti 5,000,000, theka ndi voti imodzi ndi 2,500,001, pamene 51 pa 100 alionse ndi 2,550,000. Kusiyana kwa mavoti 49,999 kungathe kupereka kapena kulanda upulezidenti.

Muyeso wina ndi wa magawo awiri mwa magawo atatu a aphungu onse, umene umafunika posintha malamulo oyendetsera dziko. Mu Julaye 2002 bilu yochotsa malire a nthawi imene pulezidenti angalamulire idapeza mavoti 125, ochuluka kwambiri kuposa okana, koma idagwa chifukwa idaperewera mavoti atatu. Wolemba kuti "aphungu ambiri adaikana" wanama; wolemba kuti "aphungu ambiri adaivomera" wasocheretsa. Chiganizo cholondola chiyenera kutchula muyesowo.

Pa kugwirizana kwa kavotedwe ndi chiwerengero cha zipani, ofufuza amatchula kawirikawiri Maurice Duverger, amene mu 1951 adanena kuti kusankha phungu mmodzi pa dera lililonse, wopambana n'kukhala woposa anzake, kumakankhira dziko ku zipani ziwiri. Malawi mu 1994 adatuluka ndi zitatu, chifukwa chilichonse chidali ndi kwawo: AFORD idatenga mipando yonse 33 ya kumpoto, MCP idalimba pakati, UDF kummwera. Pomasulira zokambirana zimenezi "chigawo" chisasokonezedwe ndi "mtundu". Daniel Posner adasonyeza mu 2004 kuti Achewa ndi Atumbuka, amene amapikisana pa ndale m'Malawi, amayendera limodzi ku Zambia, kutanthauza kuti chimene chimagwira ntchito si mtundu pawokha koma kukula kwa gululo poyerekeza ndi dziko lonse.

Chiyankhulo cha Nyumba ndi chiyankhulo cha ovota

Chimodzi mwa zifukwa zimene mawuwa adakhalira osasulidwa n'chakuti Nyumba ya Malamulo imakambirana m'Chingerezi. Gawo 51 limafuna kuti woimira uphungu adziwe kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira, ndipo Alfred Matiki adafufuza momwe lamuloli limatsekera pakamwa aphungu ena. Zotsatira zake n'zakuti mawu a Chichewa a za m'Nyumbamo amapangidwa mothamanga ndi atolankhani, nkhani itatsala pang'ono kuulutsidwa. Ena adagwa bwino. "Phungu", amene kale adali mlangizi woperekeza namwali, adalowa m'malo mwake mosakakamiza, monganso "nduna". Obwereka ngati "bilu", "bajeti", "voti" ndi "Sipikala" adavala kalembedwe ka Chichewa, ndipo "demokalase" amatsata lamulo lakuti pambuyo pa "a" palembedwe "l". Koma ofufuza nawo amadalira mawu omwewa. Bungwe la Afrobarometer, limene lakhala likufunsa Amalawi maganizo awo kuyambira mu 1999, limafunsa ambiri m'ziyankhulo zawo, ndipo limodzi mwa mafunso ake ndi la momwe anthu amakhulupirira zipani zotsutsa. Yankho la mayi wa ku Dedza limadalira chimene iye wamva pa liwu lakuti "kutsutsa".

Patsala liwu limodzi limene akonzi ayenera kulichotsa pa mitu ya nkhani za chisankho: "kulanda boma". Samuel Huntington adanena mu 1991 kuti demokalase imaoneka kuti yakhazikika ulamuliro ukasinthana manja kawiri kudzera m'chisankho, ogonja n'kuchoka mwamtendere. M'Malawi pulezidenti wokhala pampando adagonja mu 1994, mu 2014, mu 2020 ndi mu 2025. MCP idakhala kumbali yotsutsa zaka 26 isanabwerere m'boma mu 2020, ndipo pa chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 idabwereranso kumbali yotsutsa, DPP n'kulowa. Pa nthawi zonsezi palibe adalanda kanthu. Kulanda ndi kutenga mwamphamvu chinthu cha mwini, ndipo ndilo liwu limene Chichewa chimagwiritsa ntchito pofotokoza zimene asilikali adachita ku Ghana mu 1966 kapena ku Uganda mu 1971. Chipani chopambana pachisankho "chimalowa m'boma", ndipo chogonja "chimatuluka m'boma".